Khasu la Agogo Anu a Lufeyo pa Chilumba Chopanda Dothi

Chisomo, taika foniyo pansi. Iwenso Yankho, chotsa tinthu tako ta m'makututo, makutu amenewo anakupatsa Mulungu kuti uzimvera agogo ako. Amayi anu andiuza kuti njira yonse yochokera ku Coventry munali kudandaula m'galimoto, ati simukufuna kupita kwawo kwa bambo anu holide ikubwerayi chifukwa kulibe wayifayi, kulibe hotelo, kulibe ngakhale shawa. Ha! Ndaseka mpaka tiyi kunditayikira pachitenje. Inetu ndinapitako kumeneko ndi miyendo yangayi inu musanabadwe, ndipo pakanapanda zimene zinachitika kumeneko, bwenzi pasofapo palibe Chisomo, palibe Yankho, pali mphaka yekha. Sendezani kuno ndikuuzeni. Ndipo musandiyankhe m'Chingerezi, ndikudziwa kuti mukumva bwinobwino.

Nthawi imeneyo ndinali ndikugwirabe unesi kuno ku chipatala cha New Cross, mashifiti mpaka miyendo kutupa. Amayi anu, a Takondwa, anali atangomaliza yunivesite ku Birmingham ndipo ankaimba kwaya kutchalitchi. Lamulungu lina anafika pakhomo pano ndi mnyamata wa tsitsi lakuda bii, womwetulira ngati wapambana mpikisano. Ameneyo ndiye bambo anu, a Baraniko. Nditamufunsa kwawo anati ku Kiribati. Ndinati nditengereni mapu. Anaika chala pamapupo, ine kuyang'ana, madzi okhaokha. Ndinavala magalasi, ndinaonabe madzi. Koma mnyamatayo ndinamukonda tsiku lomwelo, chifukwa analandira mbale ndi manja awiri ndipo nkhwani anamaliza yonse.

Komatu kukonda kwanga sikunali kokwanira. Kwathu ku Dedza mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a ukwati amatuluka mkamwa mwa malume, mwini mbumba. Mwini mbumba wathu anali achimwene anga, agogo anu a Lufeyo, amene munkawakoka ndevu aja. Bambo a Takondwa anamwalira iye ali wakhanda, ndiye amene anamulera ngati bambo anali iwowo. Ankayendetsa basi yodutsa ku Edgbaston, kunyamula manesi ndi ana a sukulu, koma mtima wawo sunali pa chiwongolero ayi. Unali ku kadimba kamene anabwereka kwa khonsolo, komwe ankadzala chimanga chaka ndi chaka, chimangacho n'kumafa ndi chisanu chisanakhwime, iwo osaphunzirapo. Ndipo m'kabati mwawo ankasunga khasu la malemu amayi athu, chitsulo chokha chopanda mpini, chokulunga m'chitenje ngati mwana.

Nditawauza nkhaniyo anati, "Chemwali, mnyamatayu ndamuona, ulemu ali nawo. Koma munda wake uli kuti?"

"Achimwene, munthu ndi injiniya, munda wa chiyaninso?"

"Kuno n'kwa eni, chemwali. Lero atimwetulira, mawa asintha mapepala. Tsiku limenelo mwana wanu adzapita naye kuti? Adzadya digiri? Ndikaone dothi la kwawo ndi maso angawa, akalime mzere umodzi ine ndikuona, ndiye tikambe za chinkhoswe. Apo ayi, palibe ukwati."

Musaseke, sanali kuseleula. Kale kwathu mkamwini ankayesedwa ndi khasu. Ankadzuka mame asanaume kukalima m'munda wa apongozi, anthu n'kumamuonera chapatali ngati msana wake ukupirira. Inu a masiku ano mumayesana ndi zithunzi za pafoni. Amayi anu analira mpaka maso kufiira psuu. Anati sangakwatiwe popanda mawu a malume awo, komanso mwamuna wina samufuna mpaka imfa. Ine ndinatsala pakati. Basi tinanyamuka anthu anayi: ine, achimwene, amayi anu ndi bambo anu, khasu lili m'sutikesi pakati pa malaya.

Ana inu, ine ndili kamtsikana ulendo waukulu unali wochoka kumudzi kupita ku Lilongwe pamwamba pa lole, titakhalira matumba a mbatata, mbuzi ikundipumira m'khosi. Tikafika tinkati tafika kumathero a dziko. Kumathero kuti? Uku tinakwera ndege, kutsika, kukwera ina, kutsika, kukweranso ina, mpaka ndinasiya kufunsa kuti lero n'lachingati. Yomaliza inali kandege kakang'ono ngati minibasi. Asanatikweze anatiyeza pasikelo mmodzimmodzi ngati matumba a fodya, munthu wa sikeloyo n'kumafuula kulemera kwanga anthu onse akumva. Ine mayi wamkulu wa Chigwirizano! Achimwene anaseka mpaka kutsamira khoma, koma itafika nthawi yawo anapuma mpweya wonse kunja kuti apepukeko.

Tili m'mwamba bambo anu anandikodola kuti ndisuzumire pawindo. Mayo ine! Pansi panali kachinthu kopindika ngati nkhata yosenzera mtsuko, katayandama panyanja. Kunja kwa nkhatayo madzi akuda, m'kati mwake dziwe lobiriwira lowala moti maso kuwawa, ndipo mtunda wake kachingwe chabe ka mitengo ya kokonati. Ine ndinayamba kululutira m'ndege momwemo. Achimwene anagwira mpando zolimba n'kufunsa kuti, "Nanga mtunda weniweni uli kuti?" Bambo anu anati, "Ndi womwewo, malume." Achimwene anagwiritsitsabe mpandowo mpaka tinatera.

Bwalo la ndege linali msewu wa miyala yoyera, anthu atangothamangitsapo nkhumba. Anatilandira ndi nkhata za maluwa pamutu. Tangoganizani agogo anu a Lufeyo, suti yakuda, tayi, nsapato zopukuta, thukuta kamukamu, maluwa ali pampala! Patsogolo pa onse panali kamayi kakafupi kamphamvu, kosekaseka, agogo anu a Teretia, amayi a bambo anu. Sitinkamvana ngakhale liwu limodzi, koma anandikumbatira n'kundinunkhiza patsaya, ine n'kuwabwezera, basi usewere unayambira pomwepo.

Hotelo mukuifunayo kunalibe, n'zoona. Tinagona pa kanyumba kokwera pamitengo, denga la masamba, kopanda zipupa, mphepo ikulowa uku n'kutulukira uko. Madzi tinkatunga pachitsime ndi chitini chomangirira chingwe. Kagolosale kanalipo kamodzi, m'kati mwake mpunga, shuga ndi nyama ya m'chitini, sitima ikachedwa ngakhale zomwezo zii. Iwe Yankho wakwinya nkhope, koma ine ndinali ngati mwana wa mbuzi womasulidwa pachingwe. Chichokereni kwathu, kanali koyamba kumva kutentha kukulowa mpaka m'mafupa. Bondo langa ili, limene limalira kuno nthawi yachisanu, linakhala chete. Ndinavula nsapato tsiku loyamba, sindinazionenso mpaka tsiku lobwerera. M'mawa amuna ankakwera mitengo ya kokonati akuimba mokweza, ine pansi n'kumawayankha ndi nyimbo za kwaya, osadziwa n'komwe kuti akuimba chiyani. Madzi a m'dziwe lija akaphwera ndinkapita ndi amayi kukatola nkhono, chitenje nditakwinyira m'chiuno. Nkhanu ina inandiluma chala chachikulu ichi, ndinakuwa m'Chichewa, m'Chingerezi, mpaka m'malilime, amayi onse kugwa n'kuseka. Nsomba yaiwisi ndinadya. Inde, yaiwisi, ine nesi! Ndipo ndinapemphanso ina.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, mungakachite manyazi ngati ine. Kumeneko kuli chinyumba chachikulu cha misonkhano, denga lofika pafupi ndi pansi moti umalowa chowerama. Ine nditalowa ndinakhala monga amakhalira mayi waulemu wa kwathu, miyendo tambalale kutsogolo, chitenje chophimba bwino. Kungoona anthu akuyang'ana kumbali, ena akubisa kukamwa. Bambo anu anandinong'oneza kuti kwawo kulozetsa mapazi kwa akuluakulu n'chipongwe, amakhala chopinda miyendo. Ndiye ine amene ndinaphunzitsidwa ndi chibakera cha agogo anga kuti mkazi sapinda miyendo pagulu, ndinapinda, mawondo akulira kwetche kwetche, a Teretia akundithandiza kukankha.

Koma pamene ine ndinali kusangalala, achimwene anali kusema mpini. Anapeza nthambi yolimba, anaisema ndi mpeni wobwereka, anawotcha chitsulo pamoto n'kuboola, khasu la amayi linakhala khasu lenileni. Kenako anaitana bambo anu. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, chifukwa kumeneko chilichonse chachilendo ndi kanema.

Bambo anu anavula shati, analavulira m'manja monga anaonera achimwene akuchitira ku kadimba kaja, anakweza khasu, n'kulitsitsa. Ngwe! Khasu linadumpha, timiyala toyera kuwaza anthu kumaso. Anasuntha pang'ono. Ngwe! Anapita pansi pa mtengo. Ngwe! Tinayenda nawo kuchokera kugombe la dziwe mpaka kugombe la nyanja yaikulu, ndipo ndikukuuzani, ukayamba pemphero la Ambuye mbali iyi umati ameni mapazi ali m'madzi mbali inayo. Ponseponse mchenga ndi miyala. Manja a bambo anu anatuluka matuza. Anthu ankaomba m'manja poyesa kuti ndi gule wa kwathu.

Achimwene anatapa mchenga, anaununkhiza, n'kuusiya kuti udutse m'zala. "Apa ngakhale bonongwe sangamere," anatero.

Bambo anu anayesa kunena kuti, "Malume, koma ife chakudya chathu..."

"Mkamwini sayankha," anadula achimwene. Bambo anu, ndi ulemu wawo womwewo umene ndinawakondera, anatseka pakamwa. Apa ndiye kuseka kwanga kunatha. Madzulo amenewo amayi anu sanadye, anakhala m'mbali mwa madzi atafunda chitenje kumutu. Ine ndinawapita achimwene ndi mkwiyo.

"Achimwene, mukufuna kundiphera mwana? Anthuwa akuoneka anjala kwa inu? Taonani masaya awo!"

"Chemwali, nsomba zilibe mwini, lero zabwera mawa zapita. Munthu amafunika pamene angaloze n'kunena kuti apa anadzala amayi anga. Ine ndinalonjeza pamaliro a mlamu kuti mwanayu sindidzamutaya. Mawa ndikawauza akuluakulu kuti zalephereka."

Misozi inali m'maso mwawo, ndiye mkwiyo wanga unangothera pomwepo.

Tsono mverani. Pachinkhoswe cha kwathu akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi timapereka msoti. Ifeyo nkhuku sitikanakwera nayo ndege, ndiye abusa a mpingo wa pachilumbapo anatipatsa kamsoti koyera, tinakamangirira mwendo pa mzati wa kanyumba kathu. M'mawa mwake achimwene anavala suti ija, tayi, nsapato, kuti akakane ukwati mwaulemu. Anati, "Nkhuku ya mwini tibweze kaye, ilibenso ntchito." Anawerama, anamasula chingwe, kamsotiko pululu, m'khwapa mwawo kudutsa, ulendo wa kutchire.

"Gwirani! Nkhuku ya abusa!" Achimwene liwiro, tayi ikuuluka paphewa. Ine pambuyo chitenje m'manja. Pambuyo panga a Teretia, pambuyo pawo agalu, nkhumba, ndi theka la mudzi. Nkhuku inakhotera pakati pa chilumba, kumene mitengo yathithikana, malo amene ife alendo tinali tisanapiteko. Ndinaona msana wa suti ukulowa m'masamba, kenako ndinangomva kuti thapsa! Achimwene osaonekanso.

Ndinakankha masamba, kusuzumira, ndipo pansi panga panali chidzenje chachikulu ngati bwalo la tchalitchi, chodzala mbewu za masamba aakulu ngati maambulera, zofanana ndi koko wa kudimba koma zazitali kuposa munthu. Pakati pake, m'matope ofika m'chiuno, munali mwini mbumba wathu. Nsapato imodzi ikuyandama. Nkhuku ili pamwamba pa tsamba ikuwayang'ana.

"Achimwene, mwathyoka?"

Anali atakweza manja onse awiri, odzaza matope akuda bii, akuwanunkhiza. Kenako anawalawa ndi nsonga ya lilime, monga ankachitira atate athu posankha munda. Ndiye anakuwa mawu amene anamveka mbali zonse ziwiri za chilumba: "Chemwali! Dothi! Dothi lenileni! Lamanyowa!"

Abale inu, ndinakhala pansi n'kuseka mpaka mpweya kundithera. A Teretia anagwera pa ine, tonse kugubuduka. Bambo anu ndi amayi anu anafika akupuma wefuwefu. Achimwene, akadali m'matopemo, anafunsa mwaukali kuti n'chifukwa chiyani anawabisira munda. Bambo anu anati, "Malume, ine ndimayesa munda ndi wa mizere, ngati wanu wa ku Birmingham uja. Ili ife timangoti dzenje. Ndipo nditafuna kunena munati mkamwini sayankha."

A Teretia anapukuta misozi ya kuseka, anatsikira m'dzenjemo, n'kuyamba kufotokoza, bambo anu akumasulira. Anati dzenjelo anakumba makolo a makolo awo, kuswa mwala mpaka kupeza madzi abwino. Dothi limene achimwene analawa silinagwe kumwamba, analipanga ndi manja, masamba owola pang'onopang'ono, mbadwo ndi mbadwo. Mbewuyo amaitcha babai, ndipo iliyonse amailukira kadengu kuzungulira tsinde n'kumaidyetsa manyowa ngati mwana. Imatenga zaka kuti ikule, ndipo zikuluzikulu sakumba wamba, amasungira tsiku lalikulu. Kenako anagwira tsinde la imene achimwene anagwera patsinde pakeyo, yaitali kuposa zonse, ndipo kuseka kunawathera.

"Iyi ndinadzala chaka chimene mwana wanga anakwera ndege kupita ku England," anatero. "Ndinati ndidzaikumba tsiku la ukwati wake. Ndikamusowa ndimabwera kudzaidyetsa. Ngati ukwati palibe, ndiisiya iwolere momwemu, chifukwa wina woikumbira ndilibe."

Amayi anu anandigwira dzanja mpaka kundipweteka. Achimwene anayang'ana mbewuyo kuyambira pansi mpaka kunsonga, anayang'ana kamayi kaja, anayang'ana matope a m'manja mwawo. Kenako anatembenukira kwa bambo anu.

"Mkamwini, mwaimiranji? Thamangani mukatenge khasu."

Eee, nthungululu imene ndinaimba tsiku limenelo, mbalame zonse zinabalalika m'mitengo! Amayi anu analumphira m'dzenjemo ndi diresi lawo labwino kukawakumbatira malume awo, onse awiri kugweranso m'matope. Khasu litafika, bambo anu anakumba mbali iyi, achimwene kulanda n'kukumba mbali iyo, a Teretia akuwakalipira m'chinenero chawo kuti asavulaze chakudya. Khasu la amayi anga, limene linagona zaka zonse zija m'kabati ku Birmingham, linalowa m'dothi kuti tswee ngati labwerera kwawo. Chimene chinatuluka pansipo chinali chimbatata choti amuna awiri ananyamula pamtengo.

Chinkhoswe chinachitika m'chinyumba chachikulu chija. Msoti anaugwira, tinapereka, tambala tinalandira. Suti inali itatheratu, ndiye achimwene analankhula mawu a mwini mbumba atavala nsalu ya maluwa m'chiuno ngati amuna a kumeneko, ndipo inawakhala bwino zedi. Babaiyo tinadya, wolimba, wofuna mano, koma achimwene anati sanadyepo chokoma chotero. Povina, kumeneko safupa ngati kwathu, munthu akavina bwino amamupopera perefyumu ndi kumuthira paudala m'khosi. Ine ndinawaonetsa chisamba cha ku Dedza, ndipo pomatha ndinali mbuu ngati ndagwera m'thumba la ufa, ndikununkhira ngati shopu yonse.

Tsiku lonyamuka achimwene anatenga khasu lija n'kulipereka kwa a Teretia ndi manja awiri. Ine ndinadabwa, ndinati, "Achimwene, la amayi?" Anati, "Ku Birmingham likungochita dzimbiri. Likhale kumene adzukulu adzalipeze."

Ndiye tamverani, ana inu a wayifayi. Nsonga ya mbewu imene tinakumba ija a Teretia anaidzalanso, ndipo iwe Chisomo utabadwa anati imeneyo ndi yako. Yankho utabadwa anadzala ina pambali pake. Zaka zonsezi inu mukudya mapitsa ku Coventry, kuli mayi wokalamba kutsidya la dziko amene amatsikira m'matope ndi khasu la agogo a amayi anu kukadyetsa mbewu zanu. Bambo anu akuti ya Chisomo yamupitirira kale msinkhu. Agogo anu a Lufeyo ankafunsa za mbewuzo nthawi zonse, ngakhale ali m'chipatala chisanu chathachi, mawu akuvuta kutuluka. Ankafunitsitsa kupita nanu. Mukudziwa kuti sizinatheke, tinawaika konkuno, m'dothi la eni limene ankaliopa lija.

Iii, taonani, ndayamba kulira pamene ndimafuna kukusekani. Ndipatse tishuyo, Yankho. Tsono mupita, ndipo mukafika musakaime m'mphepete ngati alendo. Mukavule kumapazi masiniikazi anu oyerawo, mukatsikire m'dzenjemo, mukagwire mpini umene anasema agogo anu, mukadyetse mbewu zanu ndi manja. Dothi salola kulowa nalo m'dziko muno, pabwalo la ndege amalanda, koma sindinaonepo akuyang'ana m'zikhadabo za mwana. Ndiye musakawenge, musakatsukenso kwambiri. Mukadzangotsika ndege ndidzakutengani pa basi mpaka kumanda, mudzaike manja anuwo pamwala wawo, amve okha kuti ana a Takondwa ali ndi kwawo.